Makatoni Makumi Anayi Amene Kunalibe

Ana anga, Tiyezge ndi Wezi, za ubwana wanga ndazidumpha dala, chifukwa palibe chimene ndinachita ndili mwana choyenera kuwonongera pepala. Gawo lino ndi la ntchito, ndipo makamaka ndi la namwino mmodzi, a Nyamtonga, amene anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ndi dzina la wakuba chifukwa cha kulakwa kwanga. Nkhaniyi mwaimvapo m'zidutswa kwa amayi anu, amene amandikomera mtima kuposa mmene ndiyenera. Pano ndiilemba yonse. Muli za makompyuta zimene iwe Wezi uzimva msanga popeza ndi zimene ukuphunzira. Iwe Tiyezge upirire, sindizichulutsa.

Chikwa, chaka changa choyamba

Ndinayamba ntchito ngati kalaliki pa kachipatala ka mbali ya ku Chikwa, kamodzi mwa tizipatala tingapo timene bungwe lina la mipingo linkayendetsa m'chigwa cha Luangwa. Ntchito yanga inali kulemba odwala m'buku ndi kuwerenga mankhwala otsala mwezi ukatha. Mafomu a lipoti ankatha kawirikawiri, ndiye tinkalemba pa chilichonse chimene tachipeza: kuseri kwa makadi akale, pa chikuto cha kope, tsiku lina pa chidutswa cha katoni. Amene ankatiyang'anira pa kachipatalapo, mayi wachikulire wa ku Petauke, ankati pepala alibe nalo ntchito bola pakhale zinthu zitatu, dzina la chipatala, dzina la mankhwala ndi kuchuluka kwake. Koma ku ofesi ya bungwe pa boma kunali kalaliki wamkulu amene ankabweza lipoti lililonse losalembedwa pa fomu yodindidwa. Munthu wapalasa njinga masiku awiri, wazemba njovu pa njira, wafika nalo lipotilo, iye n'kungoliyang'ana pepalalo chapatali n'kunena kuti si fomu yake. Ndinamuda munthu ameneyu, sindikubisa. Anamwalira kalekale, koma ndikamukumbukira ndimapsabe mtima.

Kumeneko ndinaphunzira mmene chaka chimayendera m'chigwa. Kuyambira Meyi mpaka Novembala galimoto imafika. Mvula yeniyeni ikagwa, dothi lakuda lija limamata, mitsinje imadzaza, ndipo kachipatala kamakhala ndi zimene kali nazo mpaka madzi ataphwa. Malungo nawo amaidziwa nyengo imeneyi, ndi pamene amabwera ndi ukali wawo wonse. Choncho ulendo wotsiriza wa lole, mvula isanayambe, tinkaudikira kuposa Khirisimasi.

Chama pa boma, zaka zambiri pambuyo pake

Anandisamutsira ku ofesi ya bungwe pa boma tsitsi litayamba kale kuyera. Kompyuta yoyamba itafika, anzanga ankaiphimba ndi nsalu ya pa tebulo ndi kuidutsa chapatali. Ine ndinali ndi nthawi komanso liuma. Ndinayamba ndi kulemba manambala, kenaka ndinapeza buku la wina losiyidwa m'kabati, ndipo pang'onopang'ono ndinayamba kulemba timapulogalamu tanga. Satifiketi ya za makompyuta ndinalibe, ndipo ndilibe mpaka lero. Mukumbukire zimenezi, chifukwa zinadzandilamulira pa nthawi imene sizinayenere kutero.

Mabwana ndinaona ambiri, koma amene akukhudza nkhani ino ndi ba Chanda, amene anachokera ku migodi. Anali munthu wolungama, wosakhudza cha mwini, wofika pa ntchito wosesa asanafike. Vuto lawo linali loti ankafuna zonse ziziyenda pa mzere, m'dziko limene ngakhale msewu suyenda pa mzere. Ndiwo anabweretsa matabuleti, kachipatala kalikonse yake, kuti malipoti a mankhwala azifika okha mu kompyuta. Pulogalamu imene inabwera ndi matabuletiwo inkalandira lipoti lochokera pa tabuleti yolembetsedwa basi. Ku Lusaka mwina zinkayenda. Kwa ife mabatire a sola ankafa, netiweki inkapezeka pa chulu chimodzi m'mudzi wonse, ndipo theka la malipoti linkafika pa uthenga wa pa foni kapena pa pepala. Amenewo pulogalamu inkawakana. Ndinkawalemba pambali, n'kumaphatikiza ndi pensulo, ndipo ndinkangoti mumtima kalaliki uja wauka, walowa m'makina.

Nditadandaula mpaka anthu kutopa nane, bungwe linatumiza katswiri, ba Mwansa, mayi wa ku Lusaka, kuti adzandiphunzitse kwa masabata awiri kulemba pulogalamu yathuyathu. Anandiphunzitsa chinenero cha makompyuta chotchedwa Go. M'chinenero chimenechi pulogalamu siiyenda isanaunikidwe. Ukalemba, umaipereka kwa pulogalamu ina yotchedwa kompaila, imene imaiwerenga yonse ndi kuisandutsa zimene makina angamve. Ikapeza kuti waika mawu pamene pafunika nambala, kapena chinthu cha mtundu wina pamene pafunika cha mtundu wina, imakana, ndipo palibe chimene chiyenda mpaka utakonza. Masiku oyamba inkandikana kangapo pa ola. Ndinauza ba Mwansa kuti andibweretsera kalaliki wina wouma mtima, ndipo iwo anangoseka n'kunena kuti ndidikire Lachinayi.

Lachinayilo anandionetsa chinthu chotchedwa intafesi. Intafesi ndi mndandanda wa zimene chinthu chiyenera kutha kuchita. Sunena kuti ndikufuna lipoti la pa tabuleti. Umanena kuti ndikufuna chilichonse chimene ndikachifunsa malo chiyankha, ndikachifunsa mankhwala chiyankha, ndikachifunsa kuchuluka chiyankha. Ndipo chinthucho sichifunika kulembetsa, kapena kulengeza kuti ine ndine wa intafesi yakutiyakuti. Chikangokhala ndi zochita zitatuzo, za mayina omwewo ndi mayankho a mtundu womwewo, kompaila imachilola. Chikasowa chimodzi, imachikana pomwepo. Ba Mwansa anati anthu a ntchitoyi amaitchula njira imeneyi ndi dzina la bakha, chifukwa pulogalamu siifunsa kuti mbalameyi inabadwira kuti, imangoona ngati ikusambira ndi kulira monga bakha. Anati m'zinenero zina umadzadziwa kuti walowetsa nkhuku pulogalamu ikuyenda kale, anthu akuidalira, pamene kuno kompaila imakuuza usanadzuke pa mpando.

Ndinamva ngati wina wandibwezera zaka zanga za ku Chikwa. Zinthu zitatu zija za mayi wa ku Petauke zinali apa, m'makina, ndipo mlonda wa pa khomo anali woti sayang'ana mtundu wa pepala. Tsiku lonyamuka, ba Mwansa anaima pa khomo ndi chikwama chawo n'kundiuza kuti:

"Ba Ng'uni, kompaila iona chabe dzina na maonekedwe. Zimene mutanthauza siiziba. Izo ni zanu."

Ndinavomera ndi mutu, koma maganizo anali kale pa zimene ndikalembe mawa lake.

Chaka cha pulogalamu yanga

Ndinalemba intafesi n'kuitcha Lipoti, ya zochita zitatu: Malo, Mankhwala, Kuchuluka. Kenaka ndinalemba mtundu wa lipoti la pa tabuleti, wina wa uthenga wa pa foni, wina wa pepala limene ndalemba ndekha mu kompyuta. Mkati mwake mitundu imeneyi inali yosiyana kwambiri, koma uliwonse unkatha kuyankha mafunso atatuwo. Gawo lalikulu la pulogalamu, limene linkasonkhanitsa zonse ndi kusindikiza mndandanda wa zotsala m'tizipatala tonse, silinkadziwa n'komwe kuti kuli matabuleti kapena mafoni. Linkangofunsa mafunso ake. Njira yatsopano ikafunika, ndinkalemba kamtundu kamodzi, gawo lalikululo osalikhudza. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, mndandanda wa mwezi unkatuluka wathunthu. Ndinanyada, ana anga, ndipo ndinanyada poyera. Amayi anu ankati ndikamalowa m'tchalitchi ndinkayenda ngati ndine ndinamanga.

Ba Chanda anakondwa koma sanakhazikike mtima. Anandifunsa kuti manje ngati chilichonse chingalowe, adzaletsa zolakwika ndani. Ndinawayankha kuti kompaila ndiyo mlonda, palibe chosayenera chingaidutse. Ndinanena zimenezi ndi mtima wonse.

Panali chinthu china chimene ndinalemba nthawi yomweyo, mtundu wotchedwa Pempho, wa mankhwala amene kachipatala kakupempha. Chiyambire ku Chikwa, fomu ya zotsala ndi fomu ya zopempha zinali ndi mizere yofanana itatu, ndipo mafomu a zina akatha tinkalemba pa a zinazo n'kungosintha mutu. Dzanja langa linazolowera choncho. Ndiye polemba Pempho ndinangokopera za lipoti, mayina a zochita zake osasintha. Mapempho anali ndi mndandanda wawowawo, ndipo chaka chonse sanasakanikirane ndi malipoti.

Novembala, mvula isanagwe

A Nyamtonga anali namwino pa kachipatala kathu ka mbali ya ku Chifunda, kutali kuposa tonse. Anali Msenga wa komweko, wamasiye wa ana atatu, ndipo anagwira pamenepo zaka zambiri pamene ena otumizidwako ankathawa dzinja loyamba. Chaka chimenecho batire lawo la sola linafa, tabuleti inazima, ndipo foni kumeneko siigwira. Iwo anapeza njira. Ankayenda pansi kupita ku msasa wa oyang'anira nyama za m'tchire, n'kupempha wailesi yawo yotumizira mauthenga. Uthengawo unkafika ku ofesi ya oyang'anira nyamawo pa boma, wina n'kuulemba pa kapepala, n'kutibweretsera. Ba Chanda sanaifune njira imeneyi, ankati yadutsa m'makutu ambiri. Ine ndinalimbikira. Ndinati mayi wayenda m'tchire la njati kuti atiuze zoona, ife tikane chifukwa chakuti sizinabwere pa tabuleti? Anandilola monyinyirika.

Inali sabata yoipa. Majakisoni a malungo aakulu anafika mochedwa kuchokera ku Lusaka, mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo lole inali ndi mafuta a ulendo umodzi wokha. Njira ya wailesi ndinailemba masana amodzi, anthu akulowa ndi kutuluka mu ofesi. M'changu chimenecho, zonse zochokera pa wailesi ndinaziponya mu mndandanda umodzi wa Lipoti. Ikanakhala pulogalamu yakale ija, yofuna mtundu umodzi wotchulidwa dzina, kompaila ikanandigwira dzanja. Koma Pempho linkayankha Malo, linkayankha Mankhwala, linkayankha Kuchuluka. Kompaila sinanene kanthu.

Kapepala ka a Nyamtonga kanali ndi mizere iwiri. Woyamba unati majakisoni otsala ndi makatoni atatu. Wachiwiri unati akupempha makatoni makumi anayi. Ndinalemba yonse iwiri bwinobwino, uliwonse pa malo pake. Koma mkati mwa pulogalamu yonse inalowa ngati malipoti, ndipo lamulo limene ndinaika linali loti kachipatala kakatumiza kawiri, titenge lotsiriza. Mndandanda unasindikizidwa ukunena kuti ku Chifunda kwatsala makatoni makumi anayi. Ndinaiona nambalayo ndi maso angawa. Ndinaizindikira kuti ndi yomwe ndinailemba m'mawa, ndipo kuizindikirako ndi kumene kunandikhazika mtima pansi. Ba Chanda anayendetsa chala pa mndandanda, anati a ku Chifunda ali bwino kuposa onse, ndipo kuwadumpha kupulumutsa masiku awiri. Lole inapita ku Tembwe ndi ku Chikwa, n'kubwerera.

Disembala ndi Januwale

Mvula inagwa yamphamvu sabata yotsatira. Kapepala kena kanabwera, a Nyamtonga akufunsa kuti lole ili pati, popeza atsegula katoni yotsiriza. Mitsinje inali itadzaza kale. Tinapeza amuna oti asenze makatoni pa njinga ndi pamutu, koma anakhala masiku akudikira kuti madzi aphwe pa mtsinje wina, ndipo anafika patatha masiku asanu ndi anayi. M'masiku amenewo majakisoni anatha. Mwana wamkazi wa zaka zinayi, dzina lake Lusungu, anabwera naye atakomoka ndi malungo. A Nyamtonga anachita zonse zimene akanatha ndi zimene anali nazo. Mwanayo anamwalira kutatsala masiku awiri kuti amuna aja afike.

Ba Chanda anaika mapepala awiri pa tebulo, mndandanda wonena makumi anayi ndi uthenga wonena kuti zatha. Anafunsa kuti makatoni onsewo apita kuti m'masabata atatu. Mphekesera za mankhwala ogulitsidwa mobisa zinkamveka nthawi imeneyo m'madera ena, ndipo iwo ankadana ndi kuba kuposa china chilichonse. Anandifunsa ngati lipoti linalowa bwino. Ndinati inde, ndipo tsiku limenelo sindinaname, ndi zimene ndinkakhulupirira. Analemba uthenga woti a Nyamtonga apereke makiyi a chipinda cha mankhwala kwa wothandizira wawo, apitirize kuona odwala poti panalibe wina, ndipo msewu ukatseguka adzaonekere pamaso pa komiti, imene idzawachotse ntchito ndi kupereka nkhani ku polisi. Uthenga umenewu unayenda pa wailesi yomwe ija. Anaumva a ku msasa, anaumva akazi awo, ndipo dzuwa lisanalowe unali utafika pa chitsime.

Patapita masiku awiri ndinatsegula dirowa kufuna zina, n'kupeza kapepala koyamba kaja. Atatu otsala, makumi anayi opempha. Ndinawerenga katatu. Ndinatsegula pulogalamu, ndinatsatira njira ya wailesi mzere ndi mzere, ndipo ndinapeza pamene ndinaponya Pempho pakati pa malipoti. Kukonza kwake sikunatenge ngakhale nthawi yomwera tiyi. Dzina loti Kuchuluka ndinalichotsa. Pa intafesi ndi pa malipoti ndinalemba Zotsala, pa Pempho ndinalemba Zopempha. Nditaipereka kwa kompaila, inakana nthawi yomweyo, n'kuloza mzere womwe uja, kuti Pempho si Lipoti chifukwa lilibe Zotsala. Ndinakhala ndikuyang'ana mawu okanawo kwa nthawi yaitali. Mlonda anali maso masiku onse, ine ndi amene ndinaveka zinthu ziwiri malaya ofanana.

Tsopano ndafika pamene pali povuta kulemba. Ndinakonza mzerewo, ndinabwezera kapepala m'dirowa, ndipo ndinakhala chete. Ndinakhala chete masabata asanu. Zifukwa ndinali nazo, ndipo ndinkazibwereza tsiku ndi tsiku popita ku ntchito. Ndinali nditatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume pa ntchito. Ndinalibe satifiketi, ndiye akanati kalaliki wokalamba ankasewera ndi makina mpaka wapha mwana. Njira ya wailesi ndinaikakamiza ndine, bwana akukana. Ndinkadziuzanso kuti komiti ikadzakhala, umboni wa kuba sudzapezeka, nkhani idzazilala yokha. Limeneli linali bodza, ndipo ndinkadziwa, chifukwa umboni wawo unali mndandanda wanga womwe. Ndinachita mantha, ana anga. Palibe dzina lina loti ndichipatse chimene ndinachita.

Amayi anu anaona kuti chakudya ndikungochitosa. Tsiku lina Loweruka tikupalira chimanga kuseri kwa nyumba, anaimika khasu n'kundifunsa kuti chikundidya n'chiyani. Ndinawafotokozera zonse, mpaka za kompaila, ndikuganiza kuti mwina ndikachulutsa mawu mlandu uchepa. Anamvetsera osandidula. Nditatha anati:

"Atate ake Tiyezge, mwana uja simungamuutse. Koma mai uja akali moyo, ndipo ni imwe mumukwirira."

Anatola khasu lawo n'kupitiriza mzere.

Febuluwale

Lolemba m'mawa ndinalowa kwa ba Chanda ndi kapepala kaja ndi pulogalamu monga inalili ndisanakonze, popeza zakale zonse zinkasungidwa. Ndinawaonetsa mizere iwiri ya a Nyamtonga, ndinawaonetsa mzere wanga, ndinawaonetsa mmene pempho linasandukira katundu amene kunalibe. Anamvetsa msanga, anali munthu wanzeru. Anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo.

"Mwaziba liti?"

"Masabata asanu apita, bwana."

Ba Chanda anayang'ananso kapepala kaja. Kenaka anati, "Kulakwa kwa pa makina ningamvetse, ba Ng'uni. Na ine ninasaina mndandanda uja. Koma masabata asanu aya ni yanu mweka."

Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanakweza. Tsiku lomwelo anatumiza uthenga woti a Nyamtonga abwezeredwe makiyi. Ine anandilembera kalata ya chenjezo, anandichotsa pa kuyang'anira pulogalamu, ndipo zaka ziwiri zotsalazo ndinazimaliza ndikulemba manambala a ena monga ndinayambira. Anafuna kutseka njira zonse kupatula tabuleti. Pamenepo pokha ndinawapempha, ngakhale ndinalibe nkhope yopemphera, kuti chilango chikhale changa, chisagwere tizipatala topanda magetsi. Anaitana ba Mwansa kuti adzaunike. Iwo anati intafesi ilibe mlandu, isiyidwe, koma mayina a zochita azinena chenicheni chimene akutanthauza, ndipo njira iliyonse yatsopano iziyesedwa ndi manambala odziwika isanadaliridwe. Analamulanso kuti mndandanda wa lole yotsiriza uziwerengedwa kwa namwino aliyense, avomere ndi pakamwa pake. Za mawu awo a pa khomo aja ba Mwansa sanandikumbutse.

Meyi, msewu utatseguka

Ba Chanda analemba kalata yochotsa mlandu, yodindidwa bwino, ndipo anati ndikaipereke ndekha. Ndinakwera lole yoyamba. Njira yonse ndinkakonza mawu, mmene ndikafotokozere za mitundu ndi za intafesi kuti amvetse kuti sichinali chiwembu.

Ndinawapeza a Nyamtonga akuchapa zitsulo zawo pa khonde la kachipatala. Anali ataonda. Anandipatsa moni mwa ulemu, anapukuta manja, anawerenga kalata ali chiimire, n'kuipinda kanayi. Mawu anga okonzedwa aja sanawapatse mpata. Anandiuza, mosakweza mawu, mmene dzinja lawo linayendera. Akafika pa chitsime amayi ankaleka kulankhula. Ana awo ku sukulu ankatchedwa ana a wogulitsa mankhwala. Amayi oyembekezera ena anayamba kuberekera kunyumba poopa kugwiridwa ndi manja awo. Uthenga wachiwiri uja, wobweza makiyi, unafika ndithu, koma anthu anati a pa boma amabisirana milandu, ndipo palibe amene anaukhulupirira.

"Ba Ng'uni," anatero, "kalata iyi yanichotsa mlandu ku ofesi. Manje ine sinikhala ku ofesi. Tiyeni."

Sindinafunse kuti tikupita kuti. Tinayenda m'kanjira ka pakati pa minda ya mpunga, iwo patsogolo, ine pambuyo. Inali nyengo yokolola. Tinafika pa nyumba ina pamene mayi wachitsikana ankapeta mpunga pabwalo, mwamuna wake akumanga thumba, ndi amayi ena awiri oyandikana nawo akuthandiza. Atationa, manja onse anaima. Palibe amene anatilonjera, ndipo kwathu kuno mukudziwa tanthauzo la zimenezo. A Nyamtonga ananena m'Chisenga kuti awa ndi amayi ake a Lusungu, ndipo awa ndi a ku ofesi, ali ndi mawu. Atatero anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kundisiya pakati pa bwalo.

Za kompaila zonse zinandithawa, ndipo zinachita bwino kuthawa. Ndinavula chipewa. Ndinati a Nyamtonga sanabe kanthu, sanagulitse kanthu. Ndinati anayenda pansi kukapempha mankhwala nthawi isanathe, ndipo pempho lawo linafika m'manja mwanga. Ine ndinaliika pa malo olakwika, lole sinabwere. Ndinati nditazindikira ndinabisa masabata asanu, iwo akunyozedwa. Mwamuna uja anayang'ana pansi, chingwe cha thumba chili m'manja. Amayi a Lusungu anaika lichero pansi mosamala kuti mpunga usatayike.

"Adada, ndiye kuti mankhwala analiko?"

"Analiko, amama."

"Kuti?"

"Ku Chama. M'chipinda choyandikana ndi changa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanalire, sananditukwane. Anayang'ana a Nyamtonga kwa nthawi, kenaka analowa m'nyumba. Anatuluka ndi kampando kamodzi, anakapukuta ndi nsonga ya chitenje, anakaika pa mthunzi, ndipo anagwada n'kupempha a Nyamtonga kuti akhale. Amayi awiri aja anasendera, mmodzi ndi mmodzi, kudzawapatsa moni ndi manja awiri.

Ine ndinakhala chiimire pa dzuwa, chipewa m'manja, mpaka tinatsanzika.